Malume Anga Alipira Utsi wa Ndege

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza malume anga, a Nkhoma, kukagula tikiti ya ndege mumzinda muno mwa Ndola. Zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo ndege sanaikwerepo chibadwire. Mwana wawo wamkazi, Esinati, ndi namwino ku Joni, ndipo wapeza dokotala wa mapapo woti akawaone. Basi imatenga masiku awiri panjira. Munthu amene amaima kawiri kuti apume pokwera masitepe a tchalitchi sangathe masiku awiri pampando wa basi. Choncho banja linagwirizana kuti apite pandege.

Mtsikana wa mu ofesi yogulitsa matikiti, Chanda, anatilandira mwaulemu. Anawapatsa malume mpando ndi kapu ya madzi, natenga pasipoti yawo n'kuyamba kulemba pa kompyuta. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene anadzutsa mutu n'kulankhula, akusakaniza mawu aulemu a Chibemba.

"Mukwai, kwatsala kafunso kamodzi. Kodi mukufuna kuwonjezerapo handiredi fifite kwacha ya kaboni?"

"Ya chiyani, mwana wanga?" anafunsa malume.

"Ya utsi, ba shikulu. Ndege ikamauluka imatulutsa utsi umene ukusokoneza nyengo. Mukalipira kandalama aka, pali anthu amene amabzala mitengo yoti iyamwe utsiwo. Ndiye ulendo wanu umakhala woyera. Koma sikukakamiza ayi."

Ine ndinaseka, kuseka kuja kumene munthu amaseka pofuna kuti asatukwane. Malume sanaseke. Anatsokomola kanthawi, napukuta pakamwa ndi mpango, kenako anafunsa modekha.

"Mitengo imeneyo ili kuti?"

Chanda anatembenuza kompyuta kuti tione. Panali chithunzi cha mayi wina womwetulira, atanyamula mbande m'manja awiri.

"Alemba kuti ku Africa."

"Ku Africa kwake kuti?"

"Awe mukwai, sanalembe."

Malume anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Lipira, mphwanga."

Ndinayesa kukana ndi maso, koma malume sutsutsana nawo pamaso pa mwana wa eni. Ndinalipira. Mpaka lero ndikulemba izi ndikadali wokwiya.

Kuti mumvetse mkwiyo wangawu, muyenera kudziwa kaye amene anapemphedwa kulipira utsi.

Amene munakulira ku Kitwe mukuidziwa senta. Kwa enanu, senta ndi utsi wa m'chumuni cha ng'anjo yosungunulira mkuwa. Mphepo ikatembenuka unkatsikira m'komboni ngati nkhungu, n'kumayabwa pakhosi, maso n'kumangotuluka misozi. Amayi ankathamanga kukaanula zovala ndi kutsekera ana m'nyumba. Repu ndi tomato za kuseri kwa nyumba zinkapsa masamba tsiku limodzi. Malata ankadyeka mpaka kubooka. Ife ana tinkaumva utsiwo tili kutali. Malume ankaima pakamwa pa ng'anjo penipeni, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

M'zaka zonsezo, kodi panabwera munthu ndi mmodzi yemwe kudzafunsa kuti, a Nkhoma, utsi mukumezawu tiuyeretse bwanji? Kodi alipo amene anabzala mtengo pofuna kupepesa mapapo awo?

Mkuwa umene ankasungunula unkapita kunja. Sindikayika kuti wina uli m'mawaya a ndege zomwezi.

Kenako migodi inagulitsidwa. Anatiuza kuti eni atsopano akubwera ndi chuma, ndipo ndisanamizire ena okha, inenso ndinali m'gulu la owomba m'manja. Malume analandira kalata ya mizere inayi. Chipatala cha mgodi, chimene chinkawapima chifuwa chaka ndi chaka, chinasiya kuwadziwa. Anasamukira kuno ku Ndola, ku komboni ya Pamodzi, poganiza kuti kuli mafakitale, n'kupeza kuti nawonso akutseka zitseko limodzi ndi limodzi. Pamapeto pake iwo ndi anzawo ena ochotsedwa ntchito anapita kuseri kwa mgodi wakale wa Bwana Mkubwa, kumene kunali tchire lokhalokha. Mkulu wina wa boma wa nthawi imeneyo anangoloza ndi dzanja kuti limani apa. Pepala panalibe. Amuna amene anasiya khasu ali ana anazula zitsa ndi manja a pamgodi, ndipo munda umenewo ndiwo waphunzitsa Esinati mpaka kukhala namwino.

Ndege zinayamba kuwapeza malume kumunda komweko, iwo asanaganizeko zokwera.

Patapita zaka zingapo kunafika anthu a galimoto yoyera ndi mbewu yotchedwa jatrofa. Anati njere zake zimatulutsa mafuta, ndipo posachedwa ndege za dziko lonse zidzauluka ndi mafuta amenewa m'malo mwa aja owononga nyengo. Anati amene abzale msanga adzamanga nyumba ya njerwa zootcha. Malume anachotsa chimanga pa theka la munda wawo. Anasamalira mitengoyo zaka zitatu. Atakolola, anaika njere m'matumba n'kuimba foni imene anawasiyira. Nambala inali itafa. Jatrofa sadyedwa, ngakhale mbuzi imamulambalala. Chaka chimenecho akazi awo, aNaphiri, ankaphika ndi timapaketi ta ufa tija timati pamela, mlimi wathunthu kumagula ufa wa tsiku limodzi, matumba a mafuta a ndege ali mbwee pakhonde.

Munthu ameneyu ndi amene Lachiwiri anafunsidwa ngati akufuna kuti ulendo wake ukhale woyera.

Titatuluka mu ofesi muja, tikudikira minibasi, ndinalephera kupirira.

"Malume, munalolera bwanji? Ulendo umodzi wokha, wa kuchipatala. Eni ake amene amauluka sabata iliyonse ndiwo alipire."

"Iwe sunagwirepo ntchito pa ng'anjo," anatero. "Utsi ndimaudziwa ine. Ngati ndege imene ndikwereyi ikatsamwitsa mwana wa munthu kwinakwake, sindifuna kuti zikhale pamutu panga."

Malume ndi mkulu wa mpingo, ndipo zinthu zotere sazinena mongocheza.

"Komanso," anapitiriza, "mwina ndalamayo ikubwera kwathu komwe. Anthu a mitengo afika kumunda. Akhoma kale zikhomo m'malire. Lachinayi kuli msonkhano."

Nkhani imeneyi anali asanauze aliyense m'banja, kuopa kuti Esinati angade nkhawa. Lachinayi m'mawa ndinapempha tsiku kuntchito ndipo ndinapita nawo.

Msonkhano unachitikira pa mjigo, anthu okwana mabenchi anayi a tchalitchi, ambiri a iwo okalamba. Amene ankalankhula anali bambo wina wovala chovesiti chobiriwira chojambulidwa tsamba pamtima. Sindimutchula dzina. Sanali munthu wamwano, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti nayenso ndi mwana wa munthu wa pamgodi, wolembedwa ntchito ya miyezi sikisi yokha. Anafotokoza kuti malo onsewo alowa mu pulojekiti ya mitengo. Makampani a ndege a kunja, iye anati, akufuna kugula mpweya wabwino umene mitengo ya pamenepo idzatulutse, kuti ufafanize utsi wa ndege zawo. Aliyense asaine fomu, alandire mbande.

Woyamba kufunsa anali Bana Mwansa, mayi wamasiye wa munda woyandikana ndi wa malume. Ankalankhula Chibemba, koma mafunso ake amamveka m'chilankhulo chilichonse.

"Nanga chimanga?"

"Mungabzale pakati pa mitengo zaka ziwiri zoyamba. Ikakula, basi."

"Nkhuni?"

"Kudula n'koletsedwa, mayi. Mtengo ukadulidwa, mpweya umene tagulitsa umathawa."

"Ndiye tidzadya chiyani?"

"Mudzalandira gawo lanu mpweya ukagulitsidwa."

"Zingati?"

"Zimatengera msika wa kunja."

"Liti?"

"Akadzabwera oyeza mitengo."

Bana Mwansa anakhala pansi. Pamenepo malume anaimirira, atagwira phewa langa kuti asadzandire.

"Bambo, pepala ili ndi la zaka zingati?"

"Sate, mdala."

"Zaka makumi atatu," anabwereza malume pang'onopang'ono, ngati akuwerenga vesi. Okalamba ena anaseka chapansipansi. Panalibe ndi mmodzi yemwe pamabenchi paja amene akuyembekeza kudzaona chaka cha makumi atatu. "Nanga amene sasaina?"

Bambo uja anayang'ana mafomu ake. Ndinaona kuti funsolo sankalifuna.

"Mdala, kodi mapepala a malo ano muli nawo?"

Aliyense anamva zimene zanenedwa, ngakhale sizinanenedwe.

Malume anatsokomola, nadikira kuti mpweya ubwerere, kenako anati: "Ine anandiuzapo kale kuti ndege zidzauluka ndi zam'munda mwanga. Matumba ake alipobe kunyumba, mukawafuna. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Inu mwabwera kudzagula mphepo yeniyeniyo. Sindisaina."

Musaganize kuti anthu anawomba m'manja n'kuimirira nawo. Pafupifupi theka anasaina. Bana Mwansa anadinda ndi chala. Pobwerera anatipeza panjira n'kuuza malume kuti, "Ba Nkhoma, inu muli ndi mwana ku Joni. Ine ndikakana, andichotsa. Bola andichotse pang'onopang'ono."

Mawu amenewo sanandichoke m'mutu.

Tsopano ndisanamizidwe. Sindidana ndi mitengo. Sindikunena kuti nyengo sinasinthe. Tonse tikuona mvula ikuchedwa, ikabwera n'kubwera ngati yakwiya. Tonse tikukhala mumdima magetsi akazima chifukwa madamu aphwa. Tonse tikuona njinga za makala zikutsika mumsewu wa ku Kitwe m'mawa uliwonse, ndipo tikudziwa kuti tchire likutha. Utsi wa ndege ndi weniweni. Ngati pali mafuta amene angauchepetse, apangidwe. Ngati pali malo ogumuka ofunika mitengo, ndipo kuno ku migodi alipo ambiri, mapiri athunthu a zinyalala za mgodi pamene sipamera ngakhale udzu, abzalidwe.

Funso langa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mitengo imeneyi imakonda kumera pamene pali chimanga cha munthu wopanda mapepala?

Taganizani. Munthu ali ku Ulaya, akufuna kupita kukaothera dzuwa kunyanja kachitatu chaka chino. Mtima ukumutsutsa pang'ono. Akudina kabokosi pa foni, ndipo mtima wake ukukhala pansi. Ndege ikunyamuka monga mwa masiku onse, utsi womwewo, ulendo womwewo. Palibe chimene iye wasiya. Amene wasiya kanthu ndi Bana Mwansa: wasiya chimanga, wasiya nkhuni, wasiya munda umene mwamuna wake anazula zitsa. Kutchalitchi kwathu munthu atabwera kudzanena kuti, abusa, ine kuledzera sindisiya, koma ndalemba ganyu mnansi wanga kuti azisala kudya m'malo mwanga, akulu a mpingo angamuyankhe chiyani?

Timati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Koma apa wamva m'mimba wagona chogona, ndipo akutuma wina kuti atuluke panja m'malo mwake.

Ndipo mafuta oyera a ndege aja, amene akutchulidwanso masiku ano ngati nkhani yatsopano, adzachokera kuti? Ena akuti m'mafuta okazingira amene agwira kale ntchito. Chabwino. Koma ndege n'zambiri, ndipo amayi okazinga mandasi ku Pamodzi mafuta awo satha, amangowonjezera. Otsalawo adzachokera m'minda. Minda ya ndani? Ndithu si mabwalo a gofu.

Koma ndisangolozera chala kutsidya kwa nyanja. Anthu a kunja aja sadziwa kumene kuli Bwana Mkubwa. Alipo amene anawasonyeza. Alipo amene anatsegula mapu mu ofesi ina muno m'dziko lathu, naona kuti pamalo paja sipanalembedwe dzina la munthu, n'kunena kuti ndi tchire. Alipo amene anapita ku msonkhano ku hotela, nadya nkhuku, nalandira chikwama chojambulidwa tsamba, n'kuvomereza. Anthu amenewa ndi ife tomwe, ana a amigodi amene tinaphunzira sukulu ndi ndalama za pa ng'anjo. Timakhala ku mayadi a ku Northrise, timayenda pa galimoto, ndipo tikamva mawu akuti pulojekiti timayamba kusaka cholembera tisanamve n'komwe kuti ndi ya chiyani.

Chizolowezi chimenechi tinachiyamba kale. Tinagulitsa migodi osafunsa kuti chipatala chidzatsala ndi yani. Tinatseka mafakitale osafunsa kuti anthu adzapita kuti. Anthuwo anadzipezera okha kopita, kutchire, popanda wowathandiza, ndipo kwa zaka zonsezi palibe ofesi imene inakumbuka kuwapatsa pepala la malo. Lero tchire lija lapeza wogula, ndipo mwadzidzidzi aliyense akukumbuka kuti mapepala ndi ofunika. Mapepala amene analephera kutuluka zaka makumi awiri kwa mlimi atuluka bwanji miyezi iwiri kwa wogula mpweya?

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Pa anthu onse amene ali m'nkhani imeneyi, amene anaumva mlandu wa utsi mumtima mwake ndi mmodzi yekha, ndipo ndi yemwe uja utsi unamudya mapapo. Iye analipira ndi mtima wonse, kuopa kutsamwitsa mwana wa munthu amene sadzamuona. Amene anakonza kabokosi kaja amadziwa kuti anthu a chikumbumtima chotere alipo, ndipo amawadalira. Kodi pali chinyengo choposa kupanga malonda ndi chikumbumtima cha munthu wabwino, kenako n'kutenga ndalama yake yomweyo kukagulira zikhomo zokhoma m'munda ngati wake?

Sindinganene motsimikiza kuti handiredi fifite kwacha ya malume ikupita ku pulojekiti ya ku Bwana Mkubwa. Ndinabwereranso kwa Chanda Lachisanu kukafunsa. Anaimba foni kwa abwana ake, abwana ake anati afunsa ku likulu. Palibe akudziwa. Ndiye vuto lake lomwelo. Wolipira sadziwa kumene ndalama ikupita, wobzala sadziwa kumene ikuchokera, ndipo pakati pawo pali anthu a masuti amene amadziwa zonse ziwiri koma salankhula.

Ngati akufunadi kuti tithandizane, njira yake si yobisika. Apatseni kaye alimi mapepala a malo awo, kenako mubwere kudzapempha ngati alendo, kuti amene akufuna akane akane popanda mantha. Nenani mtengo wake poyera, m'chilankhulo chimene Bana Mwansa amamva, musanamupatse inki ya pachala. Siyani malo a chakudya akhale a chakudya. Ndipo amene amauluka kawirikawiri ayambe ndi kuchepetsa maulendo awo, chifukwa utsi umene sunatuluke sufuna mtengo woti uuyamwe.

Malume akunyamuka Lamlungu. Sakuopa ndege, sakuopanso dokotala. Akuopa kuti akachoka, munda udzaoneka ngati wopanda mwini. Andipempha kuti Loweruka lililonse ndizipita kumeneko ndi khasu, ngakhale kungopalapala m'malire, kuti odutsa aziona kuti pali munthu. Ndavomera, ngakhale manja angawa anazolowera cholembera. Esinati tamuuza tsopano. Analira pa foni, n'kunena kuti bambo ake akhale konko ku Joni mpaka kalekale. Malume anakana. Akuti akapimidwa, akalandira mankhwala, akubwerera.

Dzulo madzulo ndinadutsa ku Pamodzi kukasiya sutikesi imene ndawabwereka. Kumwamba kunali kutayamba kuchita mitambo cha kumpoto. Ndinapeza aNaphiri pakhonde akusankha mbewu ya chimanga m'lichero, yabwino mbali ino, yofumbwa mbali iyo. Anadikira kuti malume alowe m'nyumba, kenako anandifunsa motsitsa mawu.

"Iwe umadziwa za m'maofesi. Tandiuza zoona. Chaka chino ndibzale, kapena ndisavutike?"

Ndinawauza kuti ndifunsa.

Ndiye ndikufunsa. Inu amene munatsegula mapu aja, inu amene munasaina m'malo mwa tonsefe, mvula yayandikira ndipo mayi wokalamba wagwira mbewu m'manja. Ndikamuuze chiyani?